Matiresi a mu Situdiyo ya Lyford

Madzulo amene Lyford Thole anamata siponji yomaliza pakhoma, kunja kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni, kuja kolowa mpaka m'mafupa. Chigayo cha kuseri kwa mpanda chinali chitangotseka. Azimayi ankadutsa ndi ufa pamutu, njinga zamoto zikuthamangira ku depoti kukachingamira basi ya ku Lilongwe. Panalibe chachilendo pa boma la Mzimba tsiku limenelo.

Lyford anaima pakati pa kachipindako, zala zili nyatanyata ndi guluu, n'kuwomba m'manja kamodzi. Phokoso silinabwerere. Linafera pomwepo, ngati wawomba m'kati mwa bulangete.

"Mbwenu situdiyo yatha, akulu," anatero mnzake Chikomeni, akumwetulira pakhomo. "Muno ngakhale chigayo chilire, simuchimva."

Lyford anakhala ku Joni zaka zingapo, akusesa m'tchalitchi china chachikulu. Kumeneko ndi komwe anaphunzira kugwira mikisa, poonerera anyamata oyendetsa zokuzira mawu. Pobwerera kwawo anabwera ndi laputopu, kiyibodi ndi ganizo limodzi. Makwaya a ku Edingeni, ku Champhira ndi midzi yonse ya kummwera ankavutika kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kukajambulitsa nyimbo. Iye anati aziwajambulira pomwepo, m'boyizikota ya kuseri kwa nyumba yomwe ankachita lendi. Inali ya zipinda ziwiri. Chimodzi anaikamo tebulo la laputopu, chinacho n'kukhala cha oimba, ndipo pakhoma la pakati anabowola kawindo ka galasi.

Zida zotsala anasankha ndi Chikomeni, woimba kiyibodi kutchalitchi kwawo, yemwe anagwirapo ntchito mu situdiyo ina ku Mzuzu. Chikomeni anamuletsa kugula masipika a disiko. "Amenewo ndi abodza, amakometsa chilichonse. Gulani ang'onoang'ono awa, onena zoona." Anagulanso mahedifoni otseka khutu lonse ndi saundikadi, kabokosi kolumikiza maiki ku laputopu. Pa maiki ndi pomwe anasiyana maganizo. M'sitolo ya ku Lilongwe ija munali mitundu iwiri.

"Iyi imamva chokhacho chomwe chili pakamwa pake," anatero Chikomeni. "Iyo ya kondensa imamva zonse. Nyerere ikayenda pakhoma, imva. Kwanu kuja kuli chigayo, kuli agalu, kuli malata. Ine ndikanatenga yoyambayi."

Lyford anatenga ya kondensa. Ankafuna kuti kwaya ikaima, mawu a mayi wa kumbuyo kwenikweni amveke nawo.

Atailumikiza, anaona kuti mnzake sananame. Chipinda cha simenti chija chinkalira ngati m'mgolo. Anayesa kukhoma mathireyi a mazira, osathandiza. Masiponji enieni a situdiyo sakanawakwanitsa. Ndiye wina anamulozera kwa Louis, bambo wogulitsa zitseko zakale, migolo ndi zitsulo kuseri kwa msika. Louis anali ndi mulu wa matiresi akale osendedwa nsalu, siponji yokhayokha.

"Achokera ku resitihausi ina yomwe yatsekedwa ku Jenda," anatero Louis, maso ali kwina. "Tengani onse, akungondithera malo."

Ena anali ndi mathothomathotho. Ambiri anali olowa pakati, pomwe panagona msana wa munthu nthawi yaitali. Ankanunkha sopo, ndi kafungo kena pansi pa sopoyo, konga ka mankhwala. Lyford anawayanika padzuwa, n'kuwadula ndi mpeni wa buledi, n'kumata makoma onse ndi kudenga komwe.

Chikomeni atatsanzika madzulo amenewo, Lyford anatsala yekha. Anafuna kumva kuti chipinda chake chili zii motani. Anatseka chitseko cha oimba, n'kukhala pa tebulo, kuvala mahedifoni, n'kumakweza mawu a maiki pang'onopang'ono. Poyamba kunali kaphokoso ka shii komwe makina onse amakhala nako. Anakwezanso.

Kenako anamva kupuma.

Kunali kupuma kwa munthu wogona, kokoka pang'onopang'ono, kotulutsa mwaulesi. Anaseka yekha, nati ndi mpweya wake womwe. Anagwira mphuno, n'kutseka pakamwa, n'kudikira.

Kupuma kuja kunapitirira.

Anasuzumira pa kawindo. Babu linali kuyaka. Munali maiki yokha pa mwendo wake wachitsulo, ndi makoma achikasu aja. Anavula mahedifoni: zii. Anavalanso: kupuma. Khutu litazolowera, anazindikira kuti sikunali kwa munthu mmodzi. Wina ankapuma mothamanga, ngati wodwala malungo. Wina pachifuwa pankalira kamluzu. Wina, patali, ankachita mkonono wapansipansi.

Anasintha waya. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Anazungulira boyizikota yonse ndi tochi ya pafoni, kuti mwina pali chidakwa chagona m'mbali mwa khoma. Anangopeza mphepo ikugwedeza udzu wa mpanda. Anatseka chitseko, nati mawa afunsa Chikomeni.

M'nyumba anapeza mkazi wake Loyce, yemwe ankamuitana kuti NyaSoko, atakhala pabedi, msana utatsamira khoma, maso ali tong'o. Umu ndi momwe ankakhalira usiku uliwonse chimwalirire mwana wawo Mtisunge, yemwe malungo anamutenga mvula ili pakati. Tulo tinamuthawa mayiyo. Galu akalira kutali ankadzidzimuka, kuyesa mwana. Mapiritsi a kuchipatala analephera, mapemphero a azimayi anzake a kutchalitchi analepheranso. Thupi linali litatha, chitenje ankachizunguliza kawiri m'chiuno. Lyford sankanena, koma mumtima ankadziwa kuti situdiyo ija ankaimangira changu chotere kuti asamakhale m'nyumba momwe munali maso amenewa.

"Yatha, NyaSoko. Mawa mukaione."

"Yewo," anatero Loyce, osamuyang'ana.

Tambala woyamba atalira, Lyford anatembenuka n'kupeza mbali ya mkazi wake ili yozizira. Anaitana. Anayang'ana kukhitchini, kubafa, kuchimbudzi. Chitseko cha kumbuyo chinali chotsekula. Anaganiza za chitsime cha pa nyumba yoyandikana nayo. Akuthamangira kumeneko, anaona kuti chitseko cha boyizikota chili pululu.

Loyce anali m'chipinda cha oimba. Anagona pansi, atadzipinda, tsaya litatsamira siponji ya m'munsi mwa khoma. Anali m'tulo tofa nato. Nkhope yake inali itamasuka monga momwe inalili asanaike mwana m'manda.

Lyford anaima pamenepo nthawi yaitali. Misozi inatsika yokha. Anakatenga bulangete n'kumufunditsa, n'kutuluka monyang'ama. Loyce anadzuka dzuwa litakwera, n'kupempha tiyi ndi mbatata. Anadya zonse.

"Muja ndi mwabwino chomene, a Thole," anatero. "Mulibe agalu. Mulibe kalikonse."

Za kupuma kuja, Lyford sanamuuze. Akanamuuza bwanji munthu amene wagona koyamba chichokere dzinja? Anadziuza kuti ndi vuto la mawaya.

Kuyambira pamenepo Loyce ankagona mu situdiyo. Lyford anati amulowetsere mphasa ndi pilo, iye anakana, nati pansi pomwepo ndi pabwino. Masiku oyamba anthu oyandikana nawo anayamika Mulungu. Koma tulo tija tinayamba kutalika. Ankalowa dzuwa likangolowa, n'kudzuka chigayo chitalira kale. Kenako ankadzuka masana. Kumudzutsa kunali ngati kukoka ndowa yodzaza m'chitsime chakuya. Ankatsekula maso pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana mwamuna wake ngati akuyesa kukumbukira kuti ameneyu anamuona kuti. Kudya kunabwereranso m'mbuyo. Manja ake ankakhala ozizira ngakhale wawotha moto.

Tsiku lina Loyce ali kubafa, Lyford anaitana Chikomeni. Anali atajambula chipinda chili chopanda munthu. Pa laputopu, mzere womwe unayenera kukhala wowongoka unkatupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa.

"Mwakweza kwambiri, ndi mphepo ya m'malata iyi," anatero Chikomeni, akuvala mahedifoni.

Anamvetsera. Kumwetulira kunachoka. Pakati pa kupuma kuja panamveka chifuwa cha munthu wokalamba, chouma, chokoka kutali. Kenako kubuula kwa munthu amene akutembenuka movutika, ndi kulira kwa siponji ikapanikizidwa ndi thupi.

Chikomeni anavula mahedifoni n'kuwaika pa tebulo mosamala, ngati angamulume.

"Akulu, za mawaya ndimazidziwa. Izi si za mawaya."

"Nanga ndi za chiyani?"

"Kaya. Koma alamu asamagone muja."

Lyford anangoti wamva. Madzulo ake, ataona Loyce akulowera kuboyizikota ndi bulangete lake, anamuleka.

Loweruka linafika, tsiku la kwaya yoyamba. Anali azimayi a ku Edingeni, omwe anabwera pa lole yaing'ono atavala zoyera, atanyamula mikute yawo. Lyford anadzutsa Loyce movutikira n'kumukhazika pakhonde. Azimayi analowa m'chipinda cha oimba akuseka, akugwiragwira makoma, akufunsa ngati mawu awo akamveka pa wailesi. Nyimbo yoyamba anaiyamba ndi mphamvu. Isanafike pakati, wina anayasamula. Mnzake anatsatira. Nyimbo yachiwiri inkakwawa ngati ng'ombe zotopa ndi ngolo. Lyford akuyang'ana pa kawindo, anaona wotsogolera nyimbo atatsamira khoma, maso atatseka, pakamwa pakuyendabe koma mawu osatuluka. Mawondo ake ankapindika pang'onopang'ono.

Mayi wina wachikulire, a Elube, anamugwira pamkono n'kumukokera panja. Kenako anabwerera yekha, n'kuika mphuno pa siponji. Ananunkhiza apa, n'kununkhiza apo. Potuluka anawauza anzake m'Chitumbuka kuti atole zikwama, n'kumuitanira Lyford pambali.

"Adada, matiresi awa munawatenga kuti?"

"Ku resitihausi ya ku Jenda, amama."

A Elube anapukusa mutu. "Ine kwathu ndimasambitsa maliro. Fungo ili ndimalidziwa. Awa si a alendo ogona usiku umodzi n'kumapita. Awa eni ake sanadzukepo."

Lole inanyamuka dzuwa likadali pamutu. Palibe mayi amene anatsanzika.

Lyford anapita kwa Louis ali ndi mkwiyo. Anamupeza akuwongola misomali yakale pa mwala. Louis sanavutike n'kukana.

"Bwana, kumidziku munthu akafera pa matiresi, abale ena safuna kuwaonanso. Ena amakataya kudambo, ena amakasiya kumanda. Ine ndimayenda pa njinga ku Champhira uko, ku Jenda, ndimangotola. Ndimasenda nsalu, ndimachapa ndi sopo. Sindinabe munthu. Siponji ndi siponji."

"Munandiuza kuti resitihausi."

"Ndikananena zoona mukanatenga?"

Lyford anafuna kumumenya, koma anangotembenuka n'kuchoka. Pobwerera anadzera ku hadiweya n'kugula loko.

Anapeza Loyce akadali pakhonde pomwe anamusiya, akuyang'ana chitseko cha boyizikota ngati munthu wodikira basi. Anakhala pambali pake n'kumufotokozera zonse, kuyambira kupuma kwa m'mahedifoni mpaka mawu a Louis. Ankayembekeza kuti mkazi wake akuwa kapena kulira. Loyce anangogwedeza mutu.

"Ndikudziwa, a Thole."

"Mukudziwa chiyani?"

"Kuti muli anthu. Ndi anthu abwino. Ndikalowa amasendera, kundipatsa malo. Safunsa kanthu. Sandiuza kuti limbani mtima."

Panali funso limodzi lomwe Lyford sanafune kufunsa, koma linatuluka lokha. "Mtisunge alimo?"

"Mulibe." Loyce anakonza mpango wake. "Koma akuti sali patali. Ndikagona mokwanira ndikafika komwe ali. Tsiku lililonse ndimasenderako pang'ono, ndiye inu mumabwera kudzandigwedeza."

Lyford anaimirira, n'kukakhoma loko ija pa chitseko cha boyizikota. Kiyi anaika m'thumba la buluku. Loyce anamutsatira mpaka pakhomo.

"Ndapota, a Thole. Usiku umodzi wokha."

"Iyayi, NyaSoko. Mawa ndikumatula zonse."

Usiku umenewo anatsimikiza kuti sagona. Anakhala pampando moyang'anana ndi bedi, buluku ali chivalire. Loyce anakhala monga kale, msana kukhoma, maso tong'o. Mphepo inkaliza malata. Lyford sanadziwe kuti mutu wake unagwera liti pachifuwa.

Anadzidzimuka ndi kuzizira. Pabedi panalibe munthu. M'thumba munalibe kiyi.

Loko inali lende pa chitseko chakunja. Koma chitseko cha chipinda cha oimba chinali chotsekedwa ndi chitsulo cha m'kati, chomwe iye mwini anakhoma kuti oimba asamasokonezedwe. Anagogoda. Anaitana. Siponji inameza mawu ake onse. Anayatsa babu n'kusuzumira pa kawindo. Loyce anali chagada pakati pa chipinda, manja ali m'mbali, miyendo itawongoka. Sanagonepo chotero chikwatiranire.

Lyford anayatsa laputopu n'kuvala mahedifoni.

Kupuma kuja kunali kutasintha. Sikunalinso kwa uyu payekha, uyo payekha. Onse ankakoka pamodzi, n'kutulutsa pamodzi, ngati kwaya yophunzitsidwa bwino. Ndipo pa kawindo ankaona chifuwa cha mkazi wake chikukwera nawo, chikutsika nawo. Kukoka. Kutulutsa. Kenako kachete. Kukoka. Kutulutsa. Chete wotalikirapo. Mpweya uliwonse unkachedwa kuposa unzake.

Kenako anatulutsa onse pamodzi, ndipo sanakokenso.

M'mahedifoni munali zii weniweni, yemwe Lyford ankamufuna chiyambire kumanga situdiyo. Chifuwa cha Loyce sichinkayenda.

Anamenya chitseko ndi phewa. Chinakana. Anatenga mpando n'kumenya nawo mpaka chitsulo chija chinazuka ndi misomali yake. Polowa, miyendo inalemera ngati waponda m'matope a dambo. Tulo tinamugwera mwadzidzidzi, totsekemera, tomuuza kuti angokhala pansi pang'ono. Anadziluma lilime mpaka anamva magazi. Anagwira Loyce m'khwapa n'kumukokera panja, pa fumbi lozizira la pabwalo. Anamugwedeza. Anamuwomba mbama, chinthu chomwe sanachitepo. Anakuwa dzina lake lenileni, loti Loyce, mpaka agalu a m'dera lonse anayamba kuuwa.

Loyce anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Anatsokomola. Anayang'ana nyenyezi, n'kuyang'ana mwamuna wake, n'kuyamba kulira kulira komwe sanalire ngakhale kumanda.

"Mwandibwezeranji? Ndinatsala pang'ono. Mwandibwezeranji?"

Kutacha, Lyford ndi Chikomeni anamatula masiponji onse ndi zikwanje. Anawakweza pa ngolo ya ng'ombe n'kupita nawo kudambo, kutali ndi nyumba za anthu, n'kuwathira petulo. Utsi wake unali wakuda bii, ndipo sunakwere m'mwamba. Unkangokwawa pamwamba pa udzu. Mwini ngolo anakwapula ng'ombe zake n'kuchoka osayang'ana m'mbuyo. Chikomeni anayamba pemphero, koma analisiyira pakati chifukwa chotsokomola ndi utsi.

"Zatha, akulu," anatero pobwerera. "Tidzapeza masiponji ena, a m'sitolo. Zida zili bwino."

Tsiku lonse Loyce sanalankhule. Anasesa m'nyumba, anakolopa pabalaza, anachapa zitenje zake zonse n'kuziyanika. Lyford anaona ngati ndi chizindikiro chabwino.

Mdima utagwa magetsi anazima. Anayatsa kandulo, n'kudya osayang'anana. Akuchotsa mbale, agalu omwe ankauwa kumsewu anasiya onse nthawi imodzi. Kenako panja panamveka mapazi. Sanali a nsapato. Anali mapazi ambiri, okhwekhwereza, oyenda pang'onopang'ono ngati a anthu odwala. Anafika pakhonde n'kuima.

Kugogoda kunali kwaulemu, kwapansipansi.

"Odi."

Anali mawu a bambo wokalamba. Pambuyo pake wina anatsokomola, chifuwa chouma chokoka kutali. Lyford anachidziwa chifuwa chimenecho. Pansi pa chitseko pankalowa fungo la utsi wa siponji.

"Ndani?" anafunsa, mawu ake akutuluka ang'ono ngati si ake.

"Ndise, adada. Mwawotcha pogona pithu. Tigonenge nkhu?"

Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati mlendo amene basi yamusiya: tigona kuti? Ena kumbuyo anabwereza funsolo monong'ona, azimayi ndi azibambo, ena m'Chitumbuka, ena m'Chichewa. Kunja kukuzizira. Tigona kuti?

Lyford anakankhira tebulo kuchitseko, n'kutsamirapo ndi msana. Anayesa kuimba nyimbo ya kutchalitchi, koma mawu ake onse anamuthawa. Atatembenuka, anaona Loyce akutuluka kuchipinda atanyamula mphasa. Anaiyala pabalaza. Anabwerera, n'kubwera ndi mabulangete. Kenako zitenje zija anachapa masana, n'kumaziyala chimodzichimodzi, mwa mizere, mpaka pansi ponse panadzaza.

"NyaSoko, mukuchita chiyani?"

"Iwo anandipatsa malo," anatero Loyce, akuwongola ngodya ya chitenje. "Ine ndiwamane?"

"Sinditsekula."

"Musatsekule, a Thole. Palibe wakuuzani kuti mutsekule."

Kandulo inatha. Lyford anakhala pansi, msana uli pa tebulo, mapazi ataponda khoma, akugwira chitseko ndi thupi lake lonse. Kugogoda kunabweranso, kenako kunasiya. Sanamve mapazi akuchoka. Amalumbira mpaka lero kuti sanatsekule, ndipo sanagone. Koma mumdimamo, pakati pa iye ndi chipinda chogona, anayamba kumva nsalu zikukokedwa, mafupa akulira pogona pansi, wina akuusa moyo ngati wafika pamudzi atayenda ulendo wautali. Kenako kupuma. Panalibe maiki. Panalibe mahedifoni.

Kuwala kutalowa m'mazenera, tebulo linali pomwe analiika, chitseko chili chikhomere. Zitenje zonse zinali zokwinyika, chilichonse cholowa pakati. Loyce anagona kumapeto kwenikweni kwa mphasa, m'mbali mwa khoma, atadzipinda ngati munthu wopatsa anzake malo. Ankapuma. Lyford anagwira bulangete lomwe linali pafupi naye. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje.

M'mawa womwewo anabwereka galimoto n'kupita naye Loyce kwa makolo ake ku Edingeni. Anamunyamula ali m'tulo, ndipo Loyce anakadzukira kumeneko dzuwa likupendeka. Ali moyo. Amadya akamupatsa, amayankha akamufunsa. Amayi ake akuti vuto ndi limodzi: madzulo aliwonse amayala malo ogona ambiri kuposa anthu a m'nyumbamo, ndipo akamuletsa salimbana nawo, amangodikira kuti onse agone. Lyford anagulitsa masipika, kiyibodi ndi saundikadi kwa mnyamata wina wa ku Kasungu. Maiki anapatsa Chikomeni, yemwe sanaitulutsepo m'bokosi. Lyford anasamukira ku Edingeni komweko, ndipo amalima fodya m'munda wa apongozi ake. Usiku amakhala pakhomo la chipinda cha mkazi wake, akumvetsera.

Pa boma anthu amanena zosiyanasiyana, koma monong'ona. Ena amati ndi chisoni chabe, kuti mayi wofedwa amamva zomwe mtima wake ukufuna, ndipo mwamuna wosagona amamva zomwe mkazi wake wamuuza. Ena amati Lyford analakwa kuwotcha. Akanaitana abusa ndi akuluakulu, n'kukakwirira matiresi aja mwaulemu, eni ake akanatsatira komweko. Za Louis amati anasiya kutola matiresi, koma palibe akudziwa kuti ena aja anagulitsa kale ali m'nyumba za yani.

Nyumba ija inakhala nthawi yopanda munthu. Mwezi wathawu mwalowa mphunzitsi wina wochokera ku Dedza, ndi mkazi wake ndi ana. Ndi munthu wansangala. Tsiku lina pa mjigo mkazi wake ankayamikira nyumbayo kwa azimayi anzake. Akuti chibadwire sanagonepo tulo tokoma chotere, ukangoika mutu pansi basi wapita. Chomwe chikumudabwitsa ndi ana okha. Kwawo ankadzuka okha mbandakucha, koma kuno kuwadzutsa kuti apite kusukulu ikukhala ntchito, ndipo sabata ino wamng'onoyo anachita kumuthira madzi.

Azimayi aja anayang'anana. Wina anati ndowa yake yadzaza. Wina anati wasiya nyemba pamoto. Mpaka lero palibe amene wamuuza.